Mlangizi Amene Ananamizira Makina

Pali lamulo la makhalidwe limene mwana woleredwa bwino amalidziwa asanayambe n'komwe sukulu: ukalakwa, usaloze chala amene sangathe kudziyankhira. Usanamizire khanda, usanamizire mlendo amene wapita kale, usanamizire wakufa. Lamulo limeneli Feston analiswa Lolemba lina m'mawa, m'nyengo ya mwera, pamaso pa amayi oposa makumi awiri.

Feston anali mlangizi wa zaumoyo m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ya Chia. Ankaona ana odwala m'kachipatala ka m'mudzi, ka chipinda chimodzi ndi khonde. M'mawa umenewo amayi anali atandanda pakhondepo, ana ali kumsana, pamene anatulukira Usman, msodzi, atavala malaya omwe anagona nawo masiku atatu pabenchi ya chipatala cha ku boma. Sanapereke moni. Anangoima pakhomo.

"A Feston, mwana wanga Habiba munamuona Lachinayi. Munati ndi chimfine, akamwe panado. Lachisanu tinamunyamula pa njinga yamoto ali lefu. Ku boma amuika timapaipi m'mphuno, akuti chibayo chinali chitayamba kale. Ndikufunsa chinthu chimodzi chokha. Anati abwerere kunyumba ndani?"

Feston anayang'ana patebulo. Pamenepo panali foni yaikulu yonga sileti, imene anthu a m'mudzimo ankangoitcha makina. Anaikapo chikhatho.

"Ndi makinawa, bambo a Habiba. Ine ndimangotsatira zimene andiuza."

Usman anawayang'ana makinawo nthawi yaitali, monga mmene munthu amayang'anira galu amene waluma mwana wake. "Wallahi," analumbira chapansipansi, n'kutembenuka kubwerera kumsewu.

Limenelo linali bodza. Makinawo Habiba sanamuone n'komwe.

Inu amene mukuwerenga, musafulumire kumulavulira malovu. Muyambe mwamva kumene anachokera, chifukwa kawirikawiri dzenje limene munthu amagweramo amalikumba ndi khasu lomwe anadzitukulira nalo.

Feston anakula ndi azakhali ake, makolo onse atamwalira. Mayeso a Fomu 4 analephera kawiri. Zaka zitatu anaima m'mbali mwa msewu wa M5, akukweza chambo m'mwamba galimoto iliyonse ikamadutsa, akuthamangira mazenera a minibasi. Anzake a m'kalasi ankadutsa m'magalimoto momwemo. Ena ankamugula nsomba osamuzindikira. Amene ankamupweteka kwambiri ndi amene ankamuzindikira. Kachitatu anakhoza, atawerenga mabuku onunkha nsomba. Analembedwa ntchito ya ulangizi, anaphunzitsidwa, anapatsidwa yunifolomu ndi njinga yakapalasa. Tsiku loyamba limene mayi wina anamutcha "adokotala", iye sanamuwongolere. Sanali dokotala, ndipo ankadziwa zimenezo, koma mawuwo anamuzizira ngati madzi pa bala la moto. Kuyambira pamenepo panalibe chinthu chimene ankaopa kutaya kuposa dzina limenelo.

Zaka zisanu ndi chimodzi anagwira ntchito mokhulupirika. Kenako kunabwera makina.

Bungwe lina, mogwirizana ndi akuluakulu a zaumoyo, linagawira alangizi mafoni aakuluwo. M'kati mwake munali malangizo a kasamalidwe ka mwana wodwala, omwe aja a m'buku limene alangizi anaphunzira, koma ataikidwa ngati mafunso otsatizana. Mwana ali ndi miyezi ingati? Wakhosomola masiku angati? Akuyamwa? Wakomokapo? Funso lina silinali la pakamwa. Mlangizi ankayenera kuvundukula chifuwa cha mwana, kudikira kuti akhale bata, n'kuwerenga kapumidwe kake mpaka mphindi yathunthu itatha, kenako n'kulemba nambalayo. Akayankha zonse, makina ankaonetsa mtundu. Wobiriwira unkatanthauza kuti mwana asamalidwe kunyumba. Wachikasu unkatchula mankhwala ndi muyezo wake. Wofiira unkalamula kuti mwana apatsidwe mankhwala oyamba ndipo apite kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo.

Makinawo analibe maso kapena makutu. Ankadziwa zokhazo zimene munthu wawauza. Ntchito yake inali yoti munthu wotopa, amene waona kale ana makumi awiri, asadumphe funso.

Feston anawagwiritsa ntchito miyezi iwiri. Loweruka lina akudutsa pamene amuna ankasewera bawo, Sulemani, mnzake amene ankagulitsa naye chambo kale, anakuwa:

"Adokotala! Ndamva kuti masiku ano mwana akangotsokomola mumayamba mwafunsa foni. Paja mayeso ankakuvutani, eti? Boma lachita bwino, lakubweretserani likasa loonera!"

"Ndiye angompatsa foniyo mwana wanga wa Sitandade 5," anaonjeza wina, maso ali pabawo. "Nayenso tizimuti adokotala."

Onse anaseka. Feston anaseka nawo, koma anafika kunyumba mawuwo atamuima pammero ngati munga wa nsomba.

Lolemba lotsatira anaika makina pansi pa kaundula. Ana anayamba kuwaona ndi maso okha, mofulumira, monga amachitira munthu wodziwa zinthu. Amayi anamuyamikira kuti mzere ukuyenda. Onse akapita ankatulutsa makinawo n'kuwadzaza chobwerera m'mbuyo: ankayamba wakumbukira mankhwala amene wapereka, kenako n'kupeka mayankho ogwirizana nawo. Pa malo a kapumidwe ankalemba nambala imene ankadziwa kuti siutsa mtundu wofiira.

Umu ndi mmene zinalili Lachinayi lija. Asiyatu, mkazi wa Usman, anabwera ndi Habiba, wa chaka chimodzi ndi theka, atamukulunga m'zitenje ziwiri ndi chipewa chifukwa cha mphepo.

"Adokotala, akupuma ngati wathamanga," anatero mayiyo.

Kuvundukula mwana m'mwera n'kumuliza, ndipo mwana wolira sawerengeka mpaka atatonthola. Kumbuyo kunali amayi khumi ndi asanu. Feston anagwira mwanayo pachipumi.

"Ndi mwerawu, mayi. Chimfine basi."

Mphindi imodzi yokha ndi imene inafunika. Iye anaiona kuti yatalika.

Bodza la pakhonde lija silinagone pamalo amodzi. Linapita kudooko ndi amayi otsuka mbale, linakwera mabwato, linalowa kumzikiti ndi kutchalitchi, linaoloka mpaka midzi ya kumtunda. Pofika Lachisanu mwana aliyense ankadziwa kuti makina a boma anatsala pang'ono kupha Habiba. Amayi ambiri anasiya kupita kwa alangizi. Anayamba kugula mapilisi pa okala, awiriawiri, osadziwa dzina kapena muyezo wake.

Sabata yotsatira kunabwera Dyna. Iyeyu anali mlangizi wamkulu, woyang'anira alangizi a dera lonselo, mayi wa zaka makumi asanu wosakonda kuzungulira polankhula. Anadikira kuti pakhonde pasakhale munthu, anatseka chitseko, n'kutsegula makina a Feston.

"A Feston, ana a mudzi uno ndi a kwaya?"

"Bwanji, amayi?"

"Chifukwa amapuma mofanana. Wa miyezi itatu, ka 32. Wa zaka zinayi, ka 32. Wa malungo, ka 32. Habiba, ka 32. Ngakhale kwaya ya kutchalitchi kwathu imasiyana mpweya."

Feston anayang'ana pansi.

"Komanso makinawa amalemba nthawi. Lachinayi lija akuti munaona ana 23 m'mphindi 25, dzuwa litapendeka, amayi onse atapita. Wogulitsa mandasi sathamanga chotero."

"Mzere unali wautali, amayi."

"Mzere wautali ndi umene anawapangira makinawa. Nenani china."

Feston anati chapansipansi, "Ankandiseka."

"Ndani?"

"A pabawo."

Dyna anatseka makinawo pang'onopang'ono. "Ndiye munasinthanitsa mpweya wa mwana ndi kuseka kwa a pabawo. Mverani. Zimene ndaonazi ndikazinena ku ofesi, sindibisa kanthu. Koma zimene munanena pakhonde apa sindingakumezereni ine. Munazilavula ndinu."

Ku ofesi anagamula kuti Feston asaonenso mwana payekha kwa miyezi itatu, ndipo azikagwira ntchito pansi pa Dyna, ku kachipatala ka kumtunda, ulendo wa ola limodzi pa njinga. Kachipatala ka m'mudzi mwake anakatseka. Anthu anangouzidwa kuti wapita kukaonjezera maphunziro. Motero ntchito inapulumuka, dzina linapulumuka, ndipo bodza linapulumukira limodzi.

Munthu wina akanathawira ku Dwangwa kukadula nzimbe, kumene palibe womudziwa. Feston analingalirapo zimenezo. Koma anakumbukira kuti mayeso aja sanawapambane pothawa. M'mawa mwake anapopa matayala a njinga yake.

Masabata oyamba Dyna sanamulole kugwira mankhwala. Ankakoleka ana pasikelo, kusesa, ndi kuthira mankhwala m'zitsime. Akamaliza ankaima kumbuyo kwa Dyna n'kumawerenga chamumtima kapumidwe ka mwana amene akuyezedwa. Mphindi ikatha, Dyna ankafunsa osatembenuka, "Mwapeza angati?"

"Makumi anayi ndi anayi."

"Ine makumi asanu ndi atatu. Mumaphethira, kapena mumaganiza za chakudya?"

Apa m'pamene anazindikira chinthu chimene chinamuchititsa manyazi kuposa chilango: luso limene ankalinyadira linali litamuthawa kalekale. Maso ake ankathamanga. Ankawerenga masekondi makumi awiri n'kumalizira ndi mutu. Mwana akagwedezeka, nambala inkamutayika.

Anayamba kudziphunzitsa kunyumba. Masana a Loweruka, mbuzi zikagona pamthunzi, ankakhala pa njerwa ndi wotchi m'manja n'kumawerenga kukwera ndi kutsika kwa nthiti za kamwana ka mbuzi. Aneba ankaima pampanda.

"Adokotala, mwakwezedwa pantchito? Tsopano ndinu a ziweto?"

Ankangokweza dzanja kuti asamusokoneze. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chodabwitsa n'chakuti kusekedwa kumeneku sikunamulase ngati kuja kwa pabawo. Munthu amene wadziona yekha mmene alili saopanso kwambiri maso a anthu.

Mwezi wachiwiri nambala zake zinayamba kufanana ndi za Dyna. Anamulola kugwira makina, iye ali pambali. Tsiku lina makina anafunsa ngati mwana akuyamwa, mayi n'kuyankha kuti eya. Feston anatambasula chala kuti alembe, koma Dyna anamugwira dzanja.

"Mayi wayankha eya chifukwa cha ulemu. Inu yang'anani pakhosi pa mwanayo. Akumeza?"

Anayang'ana. Mwanayo anali atangoluma bere, osameza kanthu. Atasintha yankho, mtundu unasintha kuchoka pa wachikasu kukhala wofiira.

"Mwaona?" anatero Dyna mayiyo atanyamuka. "Makinawa amakumbukira funso, koma sangaone khosi. Inu mumaona khosi, koma mumaiwala funso. Amene amati foni ndi imene ikugwira ntchito sanayezepo mwana. Udokotala wanu, ngati mukuufunadi, uli pamenepo."

Pa luso la ntchito Feston anakwera ndithu. Koma panali mwala umene ankakwera nawo, ndipo unkalemera tsiku ndi tsiku.

Habiba anali atatuluka kale m'chipatala atagonamo masiku asanu ndi anayi. Lamulungu lina masana Asiyatu anafika kwa Feston atasenza beseni la mpunga wa m'munda mwake. Anagwada pakhomo, monga mayi waulemu.

"Adokotala, tamva kuti mukuvutika mumtima chifukwa cha mwana wathu. Musadziimbe mlandu. Inu munakakamizidwa. Akanakusiyani ndi nzeru zanu, Habiba sakanafika kumene anafika. Landirani kampungaka."

Feston analandira ndi manja awiri. Pakamwa panatseguka, koma panatuluka "zikomo" yekha. Mkazi wake ataphika mpungawo, iye anati m'mimba simuli bwino. Palibe chitonzo chowawa ngati kuyamikiridwa ndi munthu amene unamulakwira. Ndipo si Asiyatu yekha. Kulikonse kumene ankadutsa, anthu ankamupepesa. Bodza lija linamukweza kuposa mmene analili poyamba: tsopano anali munthu wanzeru amene makina anamusokoneza. Ngakhale Sulemani wa pabawo anamuimitsa panjira n'kunena kuti, "Achimwene, ife tinanena kale kuti foni ija si yabwino."

Akanatha kukhala chete mpaka imfa. Ofesi inali itatseka nkhaniyo. Dyna sananenenso kanthu. Ambiri a ife, tinene zoona, tikanakhala chete.

Kutatsala sabata imodzi kuti miyezi itatu ithe, ku kachipatala ka Dyna kunabwera Mariamu, mayi wa m'mudzi mwa Feston, ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Anali atamumwetsa kale mapilisi a pa okala masiku awiri. Feston anavundukula chifuwa, anadikira, anawerenga mphindi yathunthu. Ka 62, pamene mwana wa msinkhu umenewo sayenera kufika ka 50. Pansi pa nthiti pankalowa m'kati mwana akakoka mpweya. Analemba, ndipo galasi lonse linafiira.

Mariamu ataona mtunduwo anakokera mwana wake pachifuwa.

"Makina omwe aja? Kwa Habiba wodwala anati kunyumba, kwa wanga wa chimfine akuti ku boma. Amangolota. Ine ndabwerera inu, adokotala, osati chimenecho. Bisani, mundiuze zanu."

"Mayi, mwanayu ayenera kupita lero," anatero Dyna.

"Inu ndiye amene munabweretsa makinawa. Ndisiyeni."

Anabereka mwana n'kutuluka, mankhwala oyamba aja osalandira. Dyna sanamuthamangire. Anatembenuka n'kuyang'ana Feston.

Feston anatenga mankhwala ndi wotchi, n'kutuluka. Anamupeza pa kanjira kodutsa m'munda wa chinangwa.

"Mayi, taimani. Ndikuuzeni chinthu chimene sindinauzepo munthu wa kwathu."

Mariamu anaima, koma sanatembenuke.

"Makina sanamuone Habiba. Ndinawabisa pansi pa kaundula. Sindinamuvundukule, sindinawerenge. Amene anati abwerere kunyumba ndine."

"Akutumani kuti munene zimenezo."

"Palibe wandituma. Musakhulupirire ine, musakhulupirire makina. Mutsitseni mwanayo. Muwerenge nokha, ine ndigwira wotchi."

Mayiyo anazengereza, kenako anakhala pamzere wa chinangwa n'kumasula chitenje. Anayamba kuwerenga mokweza. Anadutsa makumi atatu, anadutsa makumi anayi. Atafika makumi asanu anafunsa, "Yatha?"

"Ayi, sinathe."

Sanapitirize. Anangoyang'ana nthiti za mwana wake zikulowa ndi kutuluka ngati za nsomba imene yangovuulidwa.

"Mpatseni mankhwalawo. Ndipo mundiitanire njinga yamoto."

Atakwera, mwana ali pakati pa iye ndi woyendetsa, anamuyang'ana Feston m'maso, chinthu chimene mayi wa kumeneko sachita wamba.

"Mwandiuza ine ndekha, m'munda, popanda mboni. Nanga anzanga amene anasiya kubwera, adzawauza ndani? Chinangwachi?"

Njinga inanyamuka. Feston anatsala ataima m'fumbi.

Mwana wa Mariamu anagonekedwa ku boma, ndipo uthenga unabwera kuti akupezako bwino. Mayi wake adakali komweko, komiti ya zaumoyo ya m'mudzi inaitanitsa msonkhano wotsegulanso kachipatala. Unachitika Lachitatu m'mawa, pabwalo la kutsogolo kwa khonde lija. Kunabwera anthu ambiri: amayi pamikeka, amuna pamabenchi a sukulu, asodzi ataima kumbuyo maukonde ali paphewa. Usman ndi Asiyatu analipo, Habiba akusewera ndi chivindikiro cha botolo pamiyendo ya mayi wake. Dyna anakhala kumapeto kwa benchi, makina ali pamwendo.

Wapampando wa komiti anaimirira ndi pepala.

"Nkhani zilipo ziwiri. Yoyamba, tilandire adokotala athu, amene abwerako ku maphunziro. Yachiwiri, talemba kalata yopita ku ofesi. Tikuti adokotala tikuwafuna, makina sitikuwafuna. Awatenge akawapatse ena. Amene akugwirizana nazo aombe m'manja."

Manja anaomba, nthungululu zinalira. Wina kumbuyo anakuwa, "Akawaponye m'nyanja!" Wapampando anapempha Feston kuti anene mawu othokoza, kenako asaine kalatayo ngati mboni.

Feston anaimirira. Anavula chipewa.

"Makolo anga, abale anga. Musandiombere m'manja. Sindinapite ku maphunziro. Ndinali pa chilango."

Phokoso linazima ngati nyali yothiridwa madzi.

"Bambo a Habiba anandifunsa pakhonde apa kuti anati mwana abwerere kunyumba ndani. Ndinayankha kuti ndi makina. Ndinanama. Tsiku limenelo makina anali pansi pa kaundula. Mayi a Habiba anandiuza kuti mwana akupuma ngati wathamanga. Anandiuza zoona, ndipo ine sindinavundukule chifuwa chake. Ndinaona kuti mphindi imodzi yatalika. Onse atapita ndinalemba nambala ya m'mutu mwanga. Ndikanawerenga, makinawa akanandiuza kuti apite ku boma Lachinayi lomwelo."

Anatembenukira kwa amayi a pamikeka.

"Ndipo si Habiba yekha. Kwa miyezi itatu, mwana aliyense amene munabwera naye kuno ndinamuona chomwecho. Ena mwa iwo ali pamikeka apo. Anachira mwa chisomo cha Mulungu, osati mwa nzeru zanga. Ndinachita zimenezi chifukwa ndinkaopa kuti muziti sindidziwa ntchito, kuti ndine uja analephera mayeso. Inde, ndine yemweyo. Ndinalephera kawiri. Sindine dokotala, ndine mlangizi, ndipo ndimaiwala mafunso ngati munthu wina aliyense. Chifukwa cha bodza langa mwasiya kubweretsa ana, mwawatukwana amayi Dyna awa osalakwa, ndipo sabata yatha mwana wa Mariamu anatsala pang'ono kufera panjira. Kalatayi sindisaina. Ngati pali chofunika kuchotsa m'mudzi muno, chotsani ine. Bambo a Habiba, mayi a Habiba, mpunga wanu ndinalandira ndi manja akuba. Ndakulakwirani."

Anagwada pafumbi, yunifolomu ili m'thupi.

Palibe amene anaomba m'manja. Mayi wina anati, "Kalanga ine!" n'kukumbatira mwana wake. Wapampando anayang'ana pepala lake ngati lalembedwa m'chinenero chachilendo. Kumbuyo kunayamba kung'ung'udza, ndipo mawu ena amene anamveka sindingawalembe pano.

Usman anaimirira. Anayenda mpaka pamene Feston anagwada.

"Masiku asanu ndi anayi ndinagona pabenchi, ndikutukwana foni," anatero. "Foni! Inu mukudutsa pakhomo panga, ndikukupatsani moni." Anapuma mozama. "Musandipemphe chikhululuko lero. Lero ndilibe."

Anatembenuka n'kudutsa pakati pa anthu, osacheuka.

Asiyatu anatsala. Anabereka Habiba modekha, anamanga chitenje, n'kuimirira. Sanagwade monga anachitira tsiku la mpunga. Analankhula ali chiimire, mokweza kuti amayi onse amve.

"A Feston. Mwana wamng'ono wa mchemwali wanga wakhosomola masiku atatu, ndipo takhala tikumubisa kunyumba. Mawa ndibwera naye. Makinawo akhale patebulo, poonekera. Mudzavundukule chifuwa, mudzawerenge mokweza, ine ndikumva. Mukadzadumpha imodzi, ndidzakuuzani."

"Ndidzawerenga, mayi," anayankha Feston, mutu uli pansi.

Sanamutchenso adokotala. Dzina limene analitchinjiriza ndi bodza linathera pafumbi pomwepo, ndipo iye anadzuka wopanda dzinalo, koma wopepuka kuposa mmene anagwadira.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina muli ndi chinthu chanu chimene munachikankhira pansi pa kaundula. Dziwani kuti manyazi alipo a mitundu iwiri. Ena amakuuzani kuti bisa, usafunse, angakuseke; amenewo amapha ana a eni. Ena amakuotchani m'chifuwa mpaka mutaimirira pamaso pa anthu. Amenewo ndi mankhwala, ngakhale amawawa. Kufunsa si umbuli, ndipo kuthandizidwa si kuchepa. Ngati munagwa, musayembekeze kuti akukhululukireni kaye kuti mudzuke. Nenani zoona lero, mawa mukafike pantchito nthawi yake, ndipo chimene munkachidumpha mukachichite chonse. Mtima musautaye, ngakhale dzina litatayika.